Chitofu cha a Silungwe

Amene sanagonepo pamwamba pa phiri mwezi wa Juni asamatinamize kuti amadziwa kuzizira. Kumunsi kuno timangodandaula, tikafunda chitenje chachiwiri nkhani yatha. Kumtunda kuja, m'nkhalango za paini za ku Dedza, chisanu chimalowa m'mafupa n'kumanga msasa momwemo, ndipo nkhungu ikatsika imatha sabata yathunthu osanyamuka. Kumeneko n'kumene a Nasimango anakwera tsiku lina Lachiwiri, mtolo uli pamutu, kukaona mdzukulu wawo woyamba.

A Nasimango anali mayi wamfupi, wa zaka makumi asanu ndi mphambu, woumba mbaula zadothi. Midzi isanu yozungulira kwawo inkaphikira pa mbaula zawo, choncho za moto ndi utsi panalibe wowaphunzitsa. M'kamwa mwawo namo munali moto womwewo. Mwana wawo Elube anakwatiwa ndi Gelevazio, mlonda wa nkhalango, amene anali atangomusamutsira ku nyumba ya kumapeto kwenikweni, kumene msewu wa mathirakitala umathera. Elube anachira masiku asanakwane, ndipo kamnyamata kamene kanabadwako kanali kakang'ono koti n'kukwana m'chipewa cha bambo ake. Powatulutsa kuchipatala, anamwino ananenetsa kuti kazikhala pachifuwa pa mayi ake usana ndi usiku, m'nyumba muzikhala motentha, koma utsi kasaununkhize n'komwe.

Atatsala pang'ono kufika, a Nasimango anapeza bambo wina atakhala pachitsa m'mbali mwa msewu. Anavala chijasi chakale cha alonda, chipewa chitatsika mpaka m'maso, ndipo m'manja anagwira phale, lija timapalira moto kwa anansi. Anamupatsa moni. Zii. Anabwereza mokweza. Bamboyo anangopendeketsa phalelo pang'ono, ngati akuwaonetsa kuti mulibe kanthu.

"Anthu a kumapiri, chisanu chinawaumitsa ndi pakamwa pomwe," anang'ung'udza a Nasimango, n'kupitiriza ulendo.

Nyumba anaiona ndi utsi. Unkatuluka pakhomo, m'mazenera, ngakhale m'mipata ya malata, paliponse kupatula pachumuni. Elube anali atakhala pakhonde pamphepo, atadzikulunga bulangeti pamodzi ndi mwana, maso ali psuu. Gelevazio anali m'kati akukupiza ndi lichero uku akutsokomola.

"Kodi pano mukulera mwana kapena mukuwamba nsomba?" anafunsa a Nasimango asanatule ndi mtolo womwe.

"Takulandirani, amayi," anatero Gelevazio akupukuta misozi. "Chitofuchi ndiye chatisowetsa mtendere. Tikayatsa, utsi ukubwerera m'nyumba. Tikazimitsa, mwana akuzizira mapazi. Mbaula ya makala anatiletsa, akuti imapha anthu m'tulo."

A Nasimango anavundukula bulangeti pang'ono n'kusuzumira. Kanali m'tulo, kakupuma mofulumira, kakamwa kali kotsegula. Mtima wawo unasweka, koma sanaonetse. Kutsika nako kunali kosatheka, chifukwa msewu unali utaterera moti galimoto sinkakwera, ndipo maola atatu a pansi m'mvula yowaza ija kakanafera panjira. Moyo wa kamwanako unali pa chitofu chija basi.

Chinali chachitsulo chakuda, cha miyendo inayi, chakalekale, cha zivindikiro zitatu pamwamba, kachitseko koikira nkhuni ndi uvuni pambali. Paipi yake inkakwera, n'kupindika kamodzi pafupi ndi khoma, n'kutulukira padenga. Gelevazio, pofuna kuoneka wothandiza, anatenga fosholo n'kutapa zikuni zoyaka kuti akazitaye panja.

"Apongozi! Bwezani pomwepo!" anakuwa a Nasimango. "Simunaleredwe ndi anthu inu? Moto wa m'chikuta satulutsa. Mwana akadali wosatuluka chonchi, mukatulutsa moto mwatulutsa kutentha kwake. Uzime wokha momwemo."

Unazima wokha. Chitsulo chitazizira, anamanga chitenje m'chiuno n'kugwada. Anayamba ndi kabokosi ka phulusa ka pansi, ndipo atakasolola anaima kaye. M'phulusamo munali timitengo ta machesi topsa, osati tiwiri titatu, koma todzaza manja awiri.

"Machesiwa mumayatsira moto kapena mumadyera nsima?"

"Ine ndinasesamo dzana, amayi. Chisesereni tayatsa anayi okha." Gelevazio ananena akuyang'ana kukhoma.

A Nasimango sanazitengere. Anachotsa zivindikiro, anapala mwaye wa pamwamba pa uvuni, kenako anatsegula kachitseko kakang'ono ka kunsi kamene anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti kaliko. M'menemo ndi mmene utsi umazungulira usanalowe m'paipi, ndipo munali mutatsekeka kotheratu. Anapinda waya n'kumakokera mwayewo kunja mpaka unadzaza beseni kawiri. Ming'alu ya m'mbali anaimata ndi dothi la pachulu losakaniza ndi phulusa. Atatha anazula nthenga pa tsache la nkhuku n'kuigwira pakachitseko ka nkhuni. Chitofu chabwino, ngakhale chosayatsa, chimakokera nthenga m'kati. Iyi inaweramira kunja, kwa iwo, n'kuima, n'kuweramiranso kunja, n'kuimanso, pang'onopang'ono ngati pali munthu amene akupuma.

Usiku umenewo anagona opanda moto, Elube ali pakati pawo, zofunda zonse za m'nyumba zili pa iye. Kunacha mwana akadali moyo, koma akuyamwa mwaulesi.

Lachitatu m'mawa anagwira paipi. Anaimasula pamene inapindikira paja, n'kupeza mwaye wouma gwa, wonyezimira ngati phula.

"Taonani ntchito ya nkhuni zanu za paini zaziwisi," anauza mkamwini wawo. "Utomoni wonse umakwera ndi utsi n'kukamatirira umu. Munthu wolonda mitengo osadziwa mtengo wosonkhera moto, zamanyazi."

Anaitulutsa panja, anaigogoda ndi mpini mpaka zibenthu zinayoyoka, kenako anapanga chokolopera pomangirira chiguduli ndi waya ku nsungwi. Anachisiya pakhonde kuti akamwe madzi. Pobwera chinali kulibe. Anafunsa Elube, anafunsa Gelevazio, anazungulira nyumba kawiri akulalata. Anadzachipeza kuseri kwa chitofu, chitakolekedwa bwinobwino pa msomali umene panalibe anali atauonapo. Pafupi pake panali msomali wina, ndipo fosholo ija, imene anaisiya pansi dzulo lake, inali itakolekedwa pamenepo.

Elube anayang'ana mwamuna wake. Mwamunayo anayang'ana pansi.

"Chabwino," anatero a Nasimango. "Pali wina amakonda zinthu zili m'malo mwake. Ifenso timakonda. Apongozi, kwerani padenga."

"Amayi, padengapo ndinakwerapo kamodzi. Sindingakwerenso."

"Chifukwa?"

Bambo wamkulu, wogwira mbava za matabwa ndi manja, anangoima akupotokola chipewa. A Nasimango anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anakwinya chitenje n'kuchimanga pakati pa miyendo.

"Gwirani makwererowo, ndipo maso anu akhale kudothi. Mukayang'ana kumwamba mudzandilipira mbuzi."

Malata anali oterera, nkhungu itaphimba ngakhale nsonga za mitengo. Anakwawa mpaka pachumuni, anagwedeza kachipewa kake ka dzimbiri n'kukazula. M'kati munali chisa chakale cha mbalame, udzu ndi ndowe zitaumbana. Apa mtima wawo unakhala pansi, poti chisa ndi chinthu chodziwika, chimagwirika ndi manja. Anachikoka, kenako anamangirira mwala ku chingwe, chiguduli chili pakati, n'kutsitsira m'paipi. Gelevazio ankakoka pansi, iwo n'kukoka pamwamba, kasanu konse, mpaka chiguduli chinayamba kudutsa mosavuta. Atasuzumira anaona kuwala kwa tochi ya Elube pansi penipeni. Njira inali yoyera.

Ali chiweramire choncho anamva mawu m'paipimo. Fuuu. Kenako chete. Fuuu. Anali mawu a munthu amene akuuzira moto wokana kuyaka, wotopa, mpweya ukumuthera. Pambuyo pake panamveka kachifuwa kouma ka munthu wokalamba.

"Apongozi, ndinu mukutsokomola?"

"Ayi, amayi. Ine ndili panja pano."

Anadzutsa mutu. Kumapeto kwa bwalo, pamene paini amayambira, bambo wa chijasi uja anali ataima, phale lili m'manja. Nkhope sinkaoneka. Tsitsi linawaima a Nasimango, ndipo kunena zoona anachita mantha kwambiri. Koma anali ndi kachipewa koti abwezeretse, choncho anakawongola ndi mwala, anakamanga ndi waya, n'kutsika mwaulemu wawo. Anapita pamalo paja. Dothi linali lofewa, lonyowa, loti ngakhale nkhuku ikanasiya mapazi, koma panalibe chilichonse.

Anabwezeretsa paipi n'kumata polumikizira. Nkhuni zouma anazipeza m'kachipinda kosungira katundu, mitolo iwiri ya bulugamu wowaza bwino, yomangidwa ndi luzi mwaluso. Gelevazio anati anaipeza momwemo ndipo sanaikhudzepo. A Nasimango anamasula umodzi. Anayamba atentha mapepala ndi udzu wouma kukamwa kwa paipi kuti itenthe, chifukwa paipi yozizira sikoka, kenako anayala tinkhuni tating'ono motalikirana n'kuyatsa.

Moto unagwira nthawi yomweyo. Malawi anaweramira m'kati, chitofu chinayamba kulira guuu, ndipo Gelevazio anathamangira panja n'kubwera akuseka ngati mwana, akuti utsi ukutuluka pachumuni mowongoka. M'nyumba munafunda. Elube anavula bulangeti limodzi, kamwana kanatambasula timiyendo n'kuyamwa mwamphamvu mpaka mkaka kutayikira pachibwano. A Nasimango anakhala pampando, nkhope yonse ili bii ndi mwaye, akudzitama mumtima kuti palibe chitofu chimene chinawakanikapo.

Panatha ola limodzi. Dzuwa, kulikonse kumene linali, linali likupendeka. Kenako kulira kuja kunasiya.

Fuuu.

Malawi anagona chafufumimba kuloza kukachitseko. Utsi unatumphuka m'zivindikiro zonse zitatu, wakuda, wochindikala. Fuuu. Phulusa linauluka mpaka pamphasa. Kamwana kanatsamwa, kanayesa kulira koma mawu osatuluka, milomo n'kuyamba kuda. Elube anathawira nako pakhonde akukuwa. A Nasimango anathira mchenga pa zikuni, anatsegula mazenera, n'kutsala ndi makala ochepa amene anawakwirira ndi phulusa. Mwana atayambanso kupuma bwino, anatenga bokosi la machesi kuti aone otsala. Linali lopepuka. M'mawa linali lodzaza theka, tsopano munalibe ngakhale kamodzi. Anasolola kabokosi ka phulusa, ndipo timitengo tonse tinali mmenemo, topsa.

Anakhala pansi n'kuloza mphasa.

"Apongozi, khalani apo. Ine chitofu ndachikonza, ndipo chilibenso vuto. Tsopano mundiuze mwini wake."

Gelevazio anakhala pamphasapo. Anati nyumbayo munkakhala a Silungwe, mlonda wa ku Chitipa, amene anakhalamo yekha zaka makumi awiri ndi zinayi. Chaka chatha, mwezi womwewu, anadwala chifuwa nkhungu itatseka msewu. Chumuni chinali chitatsekeka, ndipo analibe mphamvu zokwerera padenga. Anzawo anadzawapeza patapita masiku anayi, atagwada patsogolo pa chitofu, pakamwa pali pakachitseko, mabokosi atatu a machesi atathera pansi.

"Ndiye maliro anayenda bwanji?"

"Inabwera lole, amayi. Anawanyamula tsiku lomwelo kupita kwawo."

"Pano anagona ndani? Moto wa maliro anasonkha ndani pabwalopa?"

"Palibe. Anangokhoma chitseko."

"Analira ndani?"

"Palibe, amayi."

"Zaka makumi awiri ndi zinayi munthu akukulonderani mitengo, phiri lonseli nkhuni zokhazokha, inu osamusonkhera ngakhale chikuni chimodzi! Maliro n'kulirana, kodi kuno simudziwa?"

"Ine ndinali ndisanabwere, amayi."

"Koma mkazi ndi khanda munadziwa kuwalowetsa."

A Nasimango anakwiya kwambiri, koma pansi pa mkwiyowo panali chisoni. Iwo ankaganiza kuti akulimbana ndi chinthu chankhanza. Tsopano anaona kuti mwina mkuluyo sankadziwa n'komwe kuti m'nyumba muli mwana. Ankangouzira moto wake umene unamukana, ndipo akanauzirabe mpaka kamwanako katabanika.

Lachinayi kutangoyera, Gelevazio anatsika phiri kukafuna machesi ndi wazaumoyo. Kupita ndi kubwera anali maola asanu ndi limodzi, msewu ukalola. Nkhungu tsiku limenelo inachita kunyanya, moti masana m'nyumba munali mdima ngati madzulo. A Nasimango anafukula phulusa n'kupeza kuti makala onse azima kupatula limodzi, lalikulu ngati chala chamanthu. Analiikira udzu, anauzira, lawi linadzuka. Fuuu. Linagona, utsi n'kubwerera kumaso kwawo. Anayesa kachiwiri, chimodzimodzi, ndipo khalalo linkachepa.

"Amayi," anaitana Elube ndi mawu ang'onoang'ono. "Wasiya kuyamwa. Ndikumuika bere akungolisiya. Mapazi ake tagwirani."

Anagwira. Anali ozizira ngati mwala wa kumtsinje, ndipo kuzizirako kunali kutafika m'mawondo. Kamwanako sikankaliranso.

Pakhonde panamveka phazi, lolemera, la nsapato ya jombo. Linabwera lina. Kenako kanthu kanaikidwa pansi pafupi ndi chitseko, kwe, kulira kwa phale pa simenti. Panalibe kugogoda, panalibe odi. Pampata wa pansi pa chitseko, pamene pankalowa kuwala pang'ono, panada.

Elube anakumbatira mwana n'kudzipanikiza kukhoma. A Nasimango anayang'ana chitseko, anayang'ana khala lija, kenako anatenga mpeni n'kulidula pakati.

"Amayi, mukutani?"

"Ndikukampatsa moto wake."

"Ayi! Munanena nokha kuti moto wa m'chikuta satulutsa. Munakalipira bambo ake pamaso panga. Mukufuna mundiphere mwana?"

"Ndinanena, ndipo sindinaname. Koma tikamumana motowu, mwanayu safika madzulo. Tamvera, Elube. M'phale mwakemo sindiikamo, chifukwa phale likatenga ndiye kuti watenga wa mwana. Ndiunyamula m'manja mwangamu. Wotulutsa ndine, wopereka ndine. Ngati pali cholipira, alipiritse ine."

"Nanga zikapanda kutero?"

"Ndiye udzanditukwane moyo wako wonse. Tabwera undimange nkhunizi kumsana."

Elube anamanga mtolo wachiwiri uja kumsana kwa mayi ake ndi chitenje, dzanja limodzi litagwira mwana, misozi ikugwera pa luzi. A Nasimango anayala udzu ndi tinkhuni m'chitofu, anaika theka la khala pakati, n'kumuuza kuti agwade pomwepo koma asauzire mpaka atamva kuitana. Kenako anatapa phulusa lozizira n'kuliyala padzanja lamanzere, anaika theka linalo pamwamba, anaphimba ndi dzanja lamanja, n'kukankha chitseko ndi phazi.

Pakhonde panali phale lokha. Analilambalala. Anatsika masitepe n'kulowa m'mvula yowaza ija, pang'onopang'ono, mpaka pakati pa bwalo pamene panali chipika chakale. Kumbuyo kwawo jombo zinkabwera, phazi limodzi pa mapazi awo awiri. Sanacheuke. Anagwada, anagwedeza mapewa kuti mtolo ugwe, ndipo apa anazindikira kuti alakwitsa, chifukwa manja onse awiri anali otanganidwa, ndipo akangochotsa lakumanja mvula izimitsa khalalo. Linali litayamba kale kuchita imvi.

Ali m'maganizo choncho, manja ena anafika n'kukuta awo.

Sanawaone, poti maso awo anali pa khala ndipo analumbira mumtima kuti sawachotsapo. Anangowamva. Anali aakulu, a zikang'a, onjenjemera, ndipo kuzizira kwake sikunali kwa Juni ayi. Kunalowa m'zala, kunadutsa m'zikhatho, n'kukaima m'mfundo za manja. Anafuna kukuwa. M'malo mwake anasolola dzanja lamanja, ndipo manja ajawo anatsala ataphimba khala kuti lisanyowe. Anamasula luzi ndi mano, anathyola tinkhuni, anayala, n'kutsetserezera khalalo pansi pake. Anawerama n'kuuzira. Pafupi ndi tsaya lawo wina anauziranso. Fuuu. Anauzira awiri, mosinthana, mpaka kalawi kanatuluka, kanagwira luzi, kanagwira bulugamu, ndipo moto unayaka pamvula pomwepo ngati wathiridwa palafini.

A Nasimango anakhala pansi pamatope, anatambasula miyendo monga amakhalira amayi pasiwa, anaika manja kumutu n'kuyamba kulira maliro.

"Mayo ine, bambo a Silungwe! Mwapita ndi chisanu, bambo! Munaitana ndani kuphiri kuno? Anakumvani ndani? Mayo, mlendo wa eni, kufa chogwada ngati wopempha!"

Poyamba inali ntchito chabe, yofanana ndi kupala mwaye. Koma atatchula za kugwada anamuona mkuluyo m'maganizo, machesi akutha kamodzikamodzi, ndipo misozi yeniyeni inabwera. Analira munthu amene sanamudziwepo mpaka mawu anasasa. Atatsegula maso, utsi wa motowo unkakwera, koma mbali ya chipika unkapatuka ngati ukulambalala munthu wokhala pansi.

"Bambo," anatero mwaulemu, akuyang'ana pamoto. "Uwu ndi wanu. Othani mpaka muthe. Wa m'nyumbawo ndi wa mwana, muusiye. Ine ndikhala nanu pano."

Chipika chinalira pang'ono, monga chimachitira munthu akakhazikika. A Nasimango anatembenuzira mutu kunyumba.

"Elube! Uzira!"

Anayang'ana pachumuni. Panalibe kanthu. Anawerenga mpweya wawo mpaka makumi atatu, pachumuni pali zii. Kenako kautsi kanatuluka, kochepa, kotuwa, kanazengereza pa kachipewa paja, n'kuwongoka. Kanakula. Posakhalitsa anamva guuu wa chitofu ali pabwalo pomwepo.

Koma za mwana sanamve kanthu. Anafunitsitsa kuthamangira m'nyumba, miyendo inachita kuyabwa, koma moto wa maliro sausiya mwini wake akuotha, ndipo anali atalonjeza. Kufunsa ankaopa yankho. Choncho anakhala, akusonkhezera chikuni chimodzichimodzi, mvula ikuwalowa mpaka m'kati, khutu lili kunyumba. Ola linatha, linanso linatha. Elube sanaitane, sanalire, sanatsegule chitseko. A Nasimango anapemphera mapemphero onse amene ankawadziwa, atatha anayambiranso. Mtolo unatsala zikuni zitatu, kenako chimodzi.

Chikuni chomaliza chikugwera m'makala, m'nyumba munatuluka mawu. Kanali kulira kopyapyala, kokwiya, kwa munthu wanjala amene akuona kuti bere likuchedwa.

"Amayi!" anakuwa Elube, kuseka ndi kulira zitasakanikirana. "Watentha! Akuyamwa, amayi, akundiluma!"

A Nasimango anagwetsa mutu pamawondo. Pamene anaudzutsa, utsi wotsala unkakwera mowongoka mbali zonse, ndipo pachipika mvula inali itayamba kunyowetsa malo amene tsiku lonse anali ouma.

Gelevazio anafika chamadzulo ndi wazaumoyo, machesi ali m'thumba, n'kuwapeza apongozi ake akadali pamatope pafupi ndi phulusa. Wazaumoyoyo anayeza mwana n'kunena kuti ali bwino, azingopitiriza momwemo. Chitofu chinakoka usiku wonse, ndipo chinakokabe zaka zonse zimene banjalo linakhala m'nyumbamo.

A Nasimango anasamba madzi otentha kuseri, monga amachitira munthu wochokera kumaliro, anavala zouma, n'kulowa kuti anyamule mdzukulu wawo. Atangomukhudza, kamwanako kanakuwa ngati kalasidwa, thupi lonse n'kuchita tsembwe. Elube anagwira manja a mayi ake n'kuwasiya msanga. Anawaviika m'madzi ofunda, anawapaka mafuta, anawagwiritsa pamwamba pa chitofu mpaka khungu linayamba kununkha, koma kuyambira m'mfundo kutsika m'zala munali mozizira chimodzimodzi. Anayesanso m'mawa mwake, anayesanso patatha mwezi, anayesa mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Mwana ankakuwa basi.

A Nasimango anakhala ndi moyo zaka zina khumi ndi zitatu. Mnyamatayo anamulera ndithu, koma kumsana, Elube ndiye ankawabereketsa ndi kumutsitsa. Akagwa ankamutonthoza ndi mawu, manja atawapinda m'khwapa. Tsiku lina Elube anawapeza atakhala pambali pa mphasa, akuyang'ana mwanayo ali m'tulo, dzanja lili m'mwamba pafupi ndi mutu wake koma osaugunda. Zinamupweteka, ndipo anafunsa ngati samadandaula.

"Ndimadandaula tsiku lililonse," anayankha a Nasimango, akubweza dzanjalo m'chitenje. "Koma tamumvera mmene akupumiramo."